VirtualBox ndi open source, nanga chikalata choti tivomerechi chachokera kuti?

Mphunzitsi_Lab4
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa za makompyuta pa koleji ina yaing'ono yomwe si yaboma, ndipo teremu ikubwerayi ana ayamba Linux ndi manetiweki. Makompyuta onse a mu labu ali ndi Windows, ndiye ndikufuna kuikamo VirtualBox kuti mwana aliyense akhale ndi Ubuntu wakewake mkati mwa Windows, akamuononga angofufuta n'kuyambiranso. Chandiimika n'chakuti pa webusaiti yawo pali mafayilo awiri, pulogalamu yeniyeniyo ndi china chotchedwa Extension Pack. Chachiwirichi chimatulutsa chikalata chachitali choti uvomere usanapitirire, ndipo muli mawu oletsa kuchigwiritsa ntchito pa malonda. Abwana a koleji akufunsa ngati tiyenera kulembetsa kwa Oracle, eni ake a VirtualBox, kapena kulipira kanthu. Ine ndimadziwa kuti VirtualBox ndi open source. Kodi open source imakhalanso ndi zoletsa zoterezi?

Kamba_Root
Dinani "I Agree" basi aphunzitsi. Mukuganiza kuti Larry Ellison, mmodzi wa amene anayambitsa Oracle, akwera ndege kudzawerenga makompyuta a mu labu mwanu?

NaPhiri_Dev
Aphunzitsi, musamvere a Kambawo msanga. Mafayilo awiriwo ali ndi malaisensi awiri osiyana kotheratu, ndipo pamenepo ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera.

VirtualBox yeniyeniyo ili pansi pa GPL, laisensi ya open source. Inali GPL 2, ndipo kuyambira pa VirtualBox 7.0 yomwe inatuluka mu October 2022 ili pa GPL 3. Imeneyo ikani pa makompyuta onse amene muli nawo, kaya ndi pasukulu, kubanki kapena m'sitolo ya hardware. Simulembetsa kwa aliyense, simulipira, simupempha chilolezo. GPL 3 imanena yokha pa ndime 9 kuti munthu sakakamizidwa kuivomera kuti alandire kapena kuyendetsa pulogalamuyo. Malamulo ake amayamba kukugwirani pokhapokha mukamagawira ena pulogalamuyo.

Extension Pack si open source ngakhale pang'ono. Khodi yake ndi yobisa, ndipo ili pansi pa laisensi ya Oracle yotchedwa PUEL. Imeneyo ndi imene yakutulutsirani chikalatacho. Imalola zinthu ziwiri mwaulere: munthu kuigwiritsa ntchito payekha pa kompyuta imodzi pa zinthu zosakhudza malonda, komanso aphunzitsi ndi ophunzira a m'masukulu, m'makoleji ndi m'mayunivesite pa maphunziro amene ali pa silabasi yawo. Zina zonse n'zolipira.

Kugawika kumeneku sikunayambe lero. Pulogalamuyi inapangidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa innotek, ndipo mu January 2007 iwo anatulutsa mtundu wa open source wotchedwa OSE pambali pa mtundu wina wa khodi yobisa umene unali ndi zinthu zambiri. Sun Microsystems inagula innotek mu 2008, Oracle inagula Sun mu 2010, ndipo pa VirtualBox 4.0 mu December 2010 anasiya zotulutsa mitundu iwiri. Anapanga pulogalamu imodzi ya GPL, zobisazo n'kuzisonkhanitsa m'fayilo yapayokha.

Chiphaliwali
Achemwali mwandikumbutsa kale. M'nthawi ya innotek ndi Sun, ukangotsegula VirtualBox koyamba pankatuluka kawindo kopempha kuti ulembetse, dzina ndi imelo, ndipo pambuyo pake kankafuna akaunti ya Sun. Unkatha kukatseka pulogalamu n'kumagwirabe ntchito bwinobwino, koma kankabweranso. Mwina abwana anuwo aphunzitsi anakaonapo kameneko, n'chifukwa chake akufunsa zolembetsa. Kanachotsedwa kalekale.

Kamba_Root
Ndiye nkhani yatha. Iwo ndi koleji, laisensi ikulola makoleji. Ndinanena chiyani ine?

MlondaWaSeva_JHB
Yatha pati amwene? Werengani ndime yotsatirayo. Laisensi yomweyo imanena kuti chilolezo chaulerecho sichikhudza kugwiritsa ntchito pulogalamuyo poyendetsa bizinesi, bungwe, nthambi ya boma, ngakhale sukulu imene. Tanthauzo lake n'lakuti mwana akamaphunzira nayo mu labu zili bwino, koma akauntanti wa koleji yomweyo akaika Windows 7 mu VM (kompyuta yoyerekeza ya mkati mwa VirtualBox) kuti aziyendetsera pulogalamu yake yakale ya malipiro, n'kuikanso Extension Pack, wapyola malire. Nyumba imodzi, magetsi amodzi, koma wina ali mkati mwa lamulo wina ali kunja.

Ndipo zoti palibe amene akuona, a Kamba, si zoona kwenikweni. Aliyense wodawuniloda amasiya IP address yake. Mu 2019 nyuzipepala ya pa intaneti ya The Register inalemba za kampani ya ku Britain yotchedwa Merula, imene Oracle inailembera kuti ilipire madola 12,200 chifukwa Extension Pack inadawunilodedwa kuchokera pa ma IP address ake. Chonsecho Merula imagulitsa intaneti, ndipo inanena kuti ma IP amenewo ankagwiritsa ntchito ndi makasitomala ake. Kuno kumene ndimagwira ntchito fayilo imeneyo tinaitsekera pa firewall, osati chifukwa tinalandirapo kalata ayi, koma kuti tisadzailandire.

Kamba_Root
Ku Britain ndi ku Joni kumeneko. Kwathu kuno anthu ambirimbiri amatulukira pa IP imodzi ya kampani ya mafoni. Akalembera ndani, tawala?

MlondaWaSeva_JHB
Akalembera koleji imene ili ndi intaneti yakeyake komanso dzina lake pa domain. Inu wa bandulo ya pafoni sakufunani, mulibe chowapatsa.

Mai_Ziweto
Pepani kulowerera. Ife ndi bungwe losapanga phindu, timagwira ntchito ndi alimi a mbuzi ndi nkhuku. Mnyamata wathu wa IT anatiikira VirtualBox pa laputopu ya mu ofesi kuti tizitsegulira database yakale. Popeza sitigulitsa kanthu, ndiye kuti ife sizikutikhudza eti?

NaPhiri_Dev
Amayi, zikukukhudzani ngati anaikanso Extension Pack. Laisensiyo sinangotchula amalonda okha, inatchulanso mabungwe ndi boma. Kusapanga phindu sikukupulumutsani. Muuzeni mnyamatayo atsegule command line alembe VBoxManage list extpacks. Ikayankha kuti 0, gonani tulo. Ikatchula Extension Pack ya Oracle, aichotse aone ngati database yanuyo ikutsegukabe. Nthawi zambiri imatseguka popanda vuto.

Mai_Ziweto
Zikomo kwambiri achemwali. Nanga titafuna kungolipira kuti tikhale ndi mtendere wamumtima, n'zingati?

MlondaWaSeva_JHB
Apo ndiye poseketsa amayi. Laisensi yolipirayo mtengo wake unaikidwa pa madola 50 munthu mmodzi, zomwe zikumveka zotheka, koma sagulitsa yochepera anthu 100. Ndiye kuti pa njira imeneyo wa laputopu imodzi atulutse madola 5,000. Ndi kusowa kwa forex kumeneku, kalata yake mukailemba bwanji kubanki?

Gogo_Debian
Ndakhala chete ndikuwerenga, koma ndinenepo. Nonsenu mukukambirana momwe mungazembere msampha m'malo mochoka pamene pali msamphapo. Linux ili ndi chida chakechake choyendetsera ma VM, KVM, mkati mwa kernel kuyambira 2.6.20, chaka cha 2007. Muphatikize ndi QEMU ya Fabrice Bellard ndi virt-manager, mwamaliza. Palibe fayilo yachiwiri, palibe chikalata, palibe wolemba kalata.

Ndipo zoti VirtualBox yeniyeniyo ndi yoyera mbee ndili nazo mawu. Ku Debian, mtundu wina wa Linux, siili mu main, kabati ya mapulogalamu aufulu okhaokha, ili mu contrib, chifukwa BIOS yake imafuna compiler ya Open Watcom, imene laisensi yake Debian siivomereza kuti ndi yaufulu. Ku Ubuntu ili mu multiverse. Anthu amenewa samangoika zinthu m'makabati osiyana popanda chifukwa.

Chiphaliwali
Agogo afika ndi ulaliki wawo.

Mphunzitsi_Lab4
Agogo, ndikumva, koma makompyutawa m'mawa amaphunzirirapo ana a Word ndi Excel. Sindingachotse Windows. KVM imafuna kuti kompyuta yeniyeniyo ikhale pa Linux.

Gogo_Debian
Dual boot, Linux ndi Windows pa kompyuta imodzi.

Mphunzitsi_Lab4
Ndi ana a chaka choyamba amene akuphunzira fdisk yogawira disk? Pofika Lachisanu Windows yonse idzakhala itapita, ndipo woitanidwa ku ofesi ndidzakhala ine.

Tsabola_wa_Kambuzi
Bwanji osangotenga VMware Workstation Pro? Pano ndi yaulere. Broadcom atagula VMware kumapeto kwa 2023, anaimasula mu May 2024 kwa ogwiritsa ntchito paokha, kenako mu November 2024 anaimasula kwa aliyense, amalonda omwe. Nkhani ya ndani ali pasukulu ndani ali mu ofesi kulibeko. Ndipo kwa ine imathamanga bwino kuposa VirtualBox, makamaka pa graphics.

NaPhiri_Dev
N'zoona ndi yaulere, koma taonani mmene zatembenukira. Funso la aphunzitsi linali lolembetsa. VirtualBox mumaitenga popanda akaunti. VMware Workstation njira yake yovomerezeka ndi yotsegula akaunti pa support portal ya Broadcom, kupereka imelo, dzina ndi adiresi, n'kuvomera malamulo awo a zotumiza katundu kunja. Kulembetsa kokakamiza kwenikweni kuli kumeneko. Komanso si open source, ndiye chimene apereka lero akhoza kuchibweza mawa. Umboni ulipo: ESXi yaulere, VMware ya pa seva, anaichotsa mu February 2024, n'kudzaibwezanso mu April 2025. Amene anamanga labu yake pa ESXi yaulere anakhala chaka chathunthu asakudziwa kolowera. VirtualBox ya GPL, Oracle itati isinthe maganizo lero, khodi imene inatuluka kale singabwezedwe, ena akhoza kuitenga n'kupitiriza.

Tsabola_wa_Kambuzi
Kupereka imelo ndi nkhani? Facebook munaipatsa tsiku lobadwa ndi zithunzi za ana anu.

NaPhiri_Dev
Facebook ndinaipatsa zanga. Apa tikunena dzina la koleji, ndipo wolembetsayo akuvomera mgwirizano m'malo mwa abwana ake amene sanauwerenge.

Dzungu_Byte
Ine funso langa ndi la bandulo. Ndi intaneti yathuyi palibe amene angadawunilode chinthu chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse. Tonse timatenga kamodzi n'kuyendetsa pa fulashi, mnzako akafuna umamupatsa. Zimenezi zikuloledwa?

Gogo_Debian
Funso labwino kuposa onse amene afunsidwa pano. Pa GPL zikuloledwa, ndipo ndicho cholinga chake. Mukhoza kukopera mnzanu, kuika pa seva ya sukulu, ngakhale kugulitsa fulashiyo, bola wolandirayo alandirenso ufulu womwewo ndi njira yopezera khodi. Ndime 10 ya GPL 3 imaletsa kuonjezera zoletsa zina pamwamba pake. Choncho kampani ikhoza kuika geti pa webusaiti yake n'kunena kuti wofuna kudawuniloda kwa ife alembetse, webusaitiyo ndi yake. Koma singakuuzeni kuti aliyense amene mwamugawira abwere adzalembetse. Free Software Foundation inayankha zimenezi momveka: simungakakamize wolandira pulogalamu ya GPL kuti akulipireni kapena akudziwitseni.

Ku Debian kuli muyeso wina umene amayesera malaisensi. Amati tiyerekeze munthu ali pachilumba yekhayekha ndi kompyuta ya sola, alibe njira yolumikizirana ndi aliyense. Kodi angathe kutsatira laisensiyo? Ngati ikufuna kuti atumize uthenga kwinakwake, yagwa mayeso. Munthu wa kumudzi amene netiweki amaipeza pachulu sasiyana kwenikweni ndi wa pachilumbayo.

Extension Pack ndiye ayi, PUEL silola kuigawira ena. N'chifukwa chake phukusi la virtualbox-ext-pack la ku Ubuntu mulibe fayiloyo mkati. Limangokuonetsani laisensi, mukavomera n'kukaitenga kwa Oracle.

Dzungu_Byte
Ndiye theka la mafulashi a m'tauni muno ndi olakwira lamulo.

Kamba_Root
Theka? Mwawachitira chifundo.

Achimwene_Proxmox
Poti nkhani yafika pa mageti, ndiponyepo yanga. Proxmox VE, yoyendetsera ma VM pa seva, ndi open source yonse, laisensi yake ndi AGPL 3, imapangidwa ku Vienna ndipo pansi pake pali KVM yomweyo ya agogo. Koma ukalowa popanda kulipira imakulonjera ndi kawindo konena kuti ulibe subscription, ndipo repository ya enterprise ndi ya olipira okha. Enafe timagwiritsa ntchito ya no-subscription. Ena kawindoko kamawakwiyitsa mpaka amakachotsa posintha JavaScript, zomwe laisensi imalola. Ine ndimakasiya. Anthu aja amalipira lendi ndi sukulu fizi ngati ife. Kudina OK kamodzi si mtengo waukulu.

Gogo_Debian
Apa tigwirizana achimwene. Kukumbutsa munthu kuti alipire ndi kwina, kumuopseza ndi loya ndi kwina. Proxmox sinakubisireni khodi ndipo sinakufunseni kuti mumagwira ntchito yanji. Tanthauzo la open source la Open Source Initiative, mfundo 6, limaletsa kusankha anthu potengera ntchito imene akugwira ndi pulogalamuyo. Laisensi yonena kuti wophunzira inde, wamalonda ayi, yalephera pomwepo.

MlondaWaSeva_JHB
Koma tisamapangenso Oracle ngati mfiti pa chilichonse. Akulipira mainjiniya amene akukonza VirtualBox chaka ndi chaka, ndipo mbali yaikulu akuipereka pa GPL. Ndalama ayenera kuipeza penapake. Chimene ine ndimadana nacho ndi kaikidwe kake. Mafayilo awiriwo ali pa tsamba limodzi, ndipo pafupifupi vidiyo iliyonse ya pa YouTube yophunzitsa VirtualBox imati "tsopano ikani Extension Pack" osatchula laisensi. Munthu amangoona ngati ndi sitepe yachiwiri. Nsima akupatsa yaulere, ndiwo aika pambali pomwepo osanena kuti zili pa bilu.

Achimwene_Proxmox
Citrix inachitanso zake mu December 2017, pamene XenServer 7.3, pulogalamu yake ya ma VM, inachotsa zinthu zingapo mu mtundu waulere. Kusiyana kwake n'kwakuti khodi inali poyera, ndiye Olivier Lambert ndi anzake a ku Vates ku France anaitenga n'kupanga XCP-ng mu 2018. Mpaka lero ilipo ndipo ikukula. Zimene ananena achemwali NaPhiri zija si maloto, zinachitikapo.

Tsabola_wa_Kambuzi
Nanga Red Hat, wokondedwa wa anthu a open source? Kuti utenge Linux yawo ya RHEL yaulere ya developer uyenera kutsegula akaunti n'kulembetsa makina ako, malire ake 16. Mu June 2023 anasiyanso kuika khodi ya RHEL poyera monga ankachitira. Bwanji agogo simukuwadzudzula amenewo?

Gogo_Debian
Mukuganiza kuti dzina langali ndinalitenga kuti?

Chiphaliwali
Kkkkk agogo sagonja.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za Red Hat titsegulire ulusi wake. Aphunzitsi sanayankhidwebe kuti achite chiyani Lolemba.

NaPhiri_Dev
Aphunzitsi, tiyeni tiyambire ku mapeto. Mukufuna kuti ana azichita chiyani mu VM?

Mphunzitsi_Lab4
Kuika Ubuntu, kuphunzira command line, kulumikiza ma VM awiri kapena atatu kuti aone DHCP ndi DNS zikugwira ntchito, kukopera mafayilo kuchokera ku Windows, ndi kuika fulashi. Ndikufunanso kuti sikirini izidzaza bwino, isamakhale kabokosi kakang'ono pakati. Ndinamva kuti zimenezo ndi za Extension Pack.

NaPhiri_Dev
Palibe ngakhale chimodzi pa zimenezo chofuna Extension Pack. Sikirini kudzaza, shared folders, ndi kukopera mawu pakati pa Windows ndi Ubuntu ndi ntchito ya Guest Additions. Chimenecho ndi chinthu china, chimaikidwa mkati mwa VM, chimabwera limodzi ndi pulogalamu yeniyeniyo ndipo ndi open source. Manetiweki onse, NAT, bridged, internal, host-only, ali mu pulogalamu yeniyeniyo. USB 2.0 ndi 3.0 ndi zimene kale zinkakakamiza anthu kuika Extension Pack, chifukwa popanda iyo unkangokhala ndi USB 1.1 yoyenda ngati nkhono, koma kuyambira pa 7.0 anazisamutsira ku mbali ya GPL. Mavidiyo ambiri a pa YouTube aja anajambulidwa zimenezi zisanachitike.

Zimene zinatsala kumeneko pa 7.0 zinali monga kulowa mu VM uli kutali kudzera pa VRDP, kutseka disk ya VM ndi encryption, kamera ya laputopu, PXE boot ya makadi a Intel, ndi zolumikizira ku cloud ya Oracle. Ana a chaka choyamba sazifuna. Mwalamulo labu yanu ikuoneka kuti ikulowa mu chilolezo cha maphunziro, koma mukapanda kuiika simudzafunikanso kutsutsana ndi aliyense ngati short course ya Loweruka ya anthu apantchito ili pa silabasi kapena ndi malonda.

Mphunzitsi_Lab4
Short course ya Loweruka tili nayodi, ndipo ndi imene imabweretsa ndalama. Mwalasa.

Kamba_Root
Ine ndikanaikabe.

Mai_Ziweto
Mnyamata wathu wayang'ana, inalimodi. Waichotsa, database yatseguka, kungoti VM inayamba yadandaula za USB mpaka anasintha setting ina. Akuti VirtualBox yathu ndi 6.1.

NaPhiri_Dev
Eya, pa 6.1 USB 2.0 idakali mu Extension Pack, ndiye waibwezera pa 1.1. Akweze apite pa 7, 6.1 inasiya kulandira zokonza.

Dzungu_Byte
Aphunzitsi, musaiwale mbali ina. Aliyense akuyang'ana laisensi ya VirtualBox, koma chimene mwaika mkati mwa VM chilinso ndi yake. Ubuntu palibe vuto. Koma tsiku limene mudzafune kuphunzitsa Active Directory, Windows ya mu VM imafuna laisensi yakeyake, ya kompyuta yeniyeniyo siikwanira. Microsoft imapereka Windows Server yoyeserera ya masiku 180, Windows Enterprise ya masiku 90. Pa teremu imodzi zimakwana.

Chinanso, yang'anani BIOS ya makompyutawo. Kuyambira pa 6.1 VirtualBox siyendetsa VM popanda VT-x kapena AMD-V (mbali ya purosesa yothandiza ma VM), ndipo makompyuta ambiri akale amene masukulu amalandira amabwera chimenechi chili chozimitsa. Enanso BIOS yake ili ndi password ya kampani imene inawataya.

Mphunzitsi_Lab4
VT-x ndayang'ana pa angapo, ilipo, ndangoiyatsa. RAM ndi 8GB, ndiye ma VM awiri a Ubuntu Server akwana. Abwana ndawauza kuti kulembetsa kulibe, kulipira kulibe, ndipo Extension Pack sitiika, ngakhale ku ofesi ya akaunti. Maganizo anga ndi oti ndikonze VM imodzi, ndiitulutse ngati fayilo ya OVA, n'kuiyendetsa pa fulashi m'makompyuta onse. Pali choopsa?

MlondaWaSeva_JHB
Pa laisensi palibe. Pa netiweki chilipo. Poika OVA pa kompyuta iliyonse sankhani kuti ipange MAC address yatsopano, apo ayi mukaika pa bridged onse adzaoneka ngati kompyuta imodzi. Komanso Ubuntu Server popempha IP kwa DHCP imadzizindikiritsa ndi nambala yochokera mu /etc/machine-id, ndiye musanatulutse OVA fufutani zamkati mwa fayilo imeneyo kuti VM iliyonse idzapange yake poyaka. Mukapanda kutero ana onse adzapatsidwa IP imodzi ngakhale ma MAC atasiyana.

Gogo_Debian
Kapena musiye dala osafufuta, muwauze ana apeze okha chimene chavuta. Phunziro la DHCP lakwana pamenepo.

Mphunzitsi_Lab4
Limenelo ndilisungira sabata ya mayeso. A Mlonda, fayiloyo ndiichotseretu kapena ingotsala yopanda kanthu?

MlondaWaSeva_JHB
Itsale yopanda kanthu. sudo truncate -s 0 /etc/machine-id, kenako zimitsani VM nthawi yomweyo, musaiyatsenso musanaitulutse.